Kusamala nkhalango ku Mangochi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene sasowa nkhani ya mitengo ikayambika, kaya pabwalo la amfumu, padoko, kapena pansi pa mtengo wa mango pomwe komiti ya zachilengedwe imakumana. Mayankho ake alembedwa poganizira malo athu ano: mapiri a ku Namwera ndi Katuli, chigwa chotentha cha m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe, komanso zitunda za miyala za ku Nankumba.

Phiri lathu lidayera kale. Tiyambire pati, pa nazale?

Ayi, yambirani pa zitsa. Kwerani phirilo mwezi wa Novembala mvula itangowaza, muyang'ane pansi bwinobwino. Malo amene mumati ndi oyera mupezamo zitsa za mombo, tsamba, mchenga, msolo, muwanga ndi naphini zitatulutsa mphukira, zina zobiriwira, zina zofiirira. Mitengo yachilengedwe ya m'mapiri mwathu siifa msanga ikadulidwa. Thunthu limapita ku uvuni wa makala, koma mizu imatsala yamoyo, ndipo mizu imeneyo idatenga zaka makumi kuti ifike pomwe pali chinyezi. Chaka chilichonse chitsa chimayesa kudzukanso, ndipo chaka chilichonse chimakumana ndi moto, mbuzi kapena chikwanje.

Mbande ya mu chubu ilibe mwayi umenewu. Mizu yake ndi yaifupi, ndipo isanakhazikike imakumana ndi dzuwa la Okutobala la kuno, limene aliyense wa ku Mangochi akulidziwa. N'chifukwa chake midzi yambiri idabzala mitengo chaka ndi chaka koma phiri likadali mbee. Ntchito yoyamba ndi kuletsa zimene zikupha mphukira. Njira imeneyi siyachilendo. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi adayamba kuitsata m'zaka za m'ma 1980, ndipo minda yomwe idali yopanda mthunzi idadzadzanso mitengo popanda nazale.

Nanga mphukirazo timazisamala bwanji?

Chitsa chimodzi chimatha kutulutsa mphukira khumi kapena kuposerapo. Zikasiyidwa zonse zimalimbirana chakudya, ndipo chimene chimatuluka ndi chitsamba, osati mtengo. Muchite monga mumachitira popatulira chimanga: sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka, zonenepa, makamaka zomwe zatulukira m'munsi mwa chitsa pafupi ndi dothi, chifukwa zimenezi sizikhadzuka ndi mphepo. Zinazo dulani.

Mpeni kapena chikwanje chikhale chakuthwa. Podula nthambi, dulani chokweza m'mwamba, kuchokera pansi pa nthambiyo, kuti khungwa lisang'ambike kutsika ndi thunthu. Bala long'ambika ndi khomo la chiswe ndi matenda. Musasadze mpaka kunsonga. Chotsani nthambi za m'munsi kufika pakati pa msinkhu wa mphukirayo basi, theka lakumtunda likhale ndi masamba ake, poti ndi amene akudyetsa mtengo. Zomwe mwadulazo ndi nkhuni za lero, ndipo masamba asiyeni pansi aole.

Pakatha chaka kapena ziwiri mubwererenso. Pa zitatu zija imodzi ikhala itaposa zinzake. Mutha kudula imodzi ngati phaso kapena mpini, yamphamvuyo n'kuisiya kuti idzakhale mtengo. Anthu ena amamanga kansalu pa mphukira yosankhidwa kuti wodutsa adziwe kuti ili ndi mwini. Ndi kanthu kakang'ono, koma kamathandiza kwambiri.

Ndiye kuti kubzala mitengo n'kutaya nthawi?

Sichoncho. Pali malo amene zitsa zidazulidwa kalekale, monga minda yakale ya fodya, m'mbali mwa mitsinje momwe mudalimidwa mpaka m'madzi, ndi pakhomo. Amenewo ndi malo obzala. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, koma kuno kunyanja musadikire Malichi. Mbande ilowe m'dothi mvula ikangokhazikika, kuti imwe madzi miyezi itatu chilimwe chisanafike.

Mtengo uliwonse uli ndi pake. M'mbali mwa mtsinje mukhale mbawa, mkuyu, katope ndi nsungwi. M'munda mukhale msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero sutchinga chimanga koma umachithirira manyowa. Wofuna nkhuni zamsanga abzale keshya kapena mtangatanga m'malire a munda. Bulugama ali ndi ntchito yake ya milimo ndi mapolo, koma asayandikire kasupe, dambo kapena mtsinje, ndipo kugwetsa mitengo yachilengedwe kuti pabzalidwe bulugama ndi kulakwitsa kwakukulu.

Pa mwambo wobzala timakonda kuwerenga mbande zomwe zalowa pansi. Chiwerengero chenicheni ndi cha mitengo yomwe ili moyo mvula yotsatira ikamagwa.

Moto timauletsa chaka chilichonse koma umabwerabe. Titani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mudzi umene walephera pa moto walephera pa zonse. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umapeza udzu utauma gwa, mphepo ikuwomba, mitengo itangotulutsa masamba atsopano ofiira aja. Malawi ake amakwera kupitirira munthu. Mtengo waukulu umapulumuka ndi zipsera, koma mphukira iliyonse yosafika mamita awiri imapsa mpaka pansi. Ntchito ya zaka zitatu imatha masana amodzi. Mazira a nkhanga ndi nkhwali, akamba, ana a gwape ndi njuchi za m'ming'oma zimapsera momwemo, ndipo mvula yoyamba imapeza dothi lili pamtunda n'kulikokolola.

Choyamba ndi kulambula njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse, yotambalala mamita anayi kapena asanu, ndipo kumalo otsetsereka ikhale yokulirapo. Ntchitoyi ichitike mu Meyi kapena Juni, anthu atangomaliza kukolola. Udzu wolambulidwawo usaunjikidwe m'mphepete mwa njirayo. Nkhalango ikakhala yaikulu, idulidwenso pakati ndi njira zina kuti moto ukalowa chigawo chimodzi usamalize zonse.

Chachiwiri ndi kuchepetsa udzu. Lolani amayi amwete udzu wofolerera m'nkhalangomo mu Juni ndi Julayi, mwadongosolo. Udzu umene uli padenga sungayatsenso phiri.

Chachitatu chimadabwitsa ambiri: kutentha mofulumira. Udzu ukadali ndi chinyezi, chakumayambiriro kwa chisanu, moto woyatsidwa madzulo kopanda mphepo umayenda pansipansi, umasiya zigamba zosapsa, ndipo umazima wokha ndi mame. Pofika Okutobala moto wolusa umasowa chakudya. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, akatswiri adayamba kuyesa zimenezi m'zaka za m'ma 1930 pa nkhalango yofanana ndi yathu. Chigawo chomwe chinkatenthedwa mochedwa chaka ndi chaka mitengo yake ya mombo idatha, pomwe chotenthedwa mofulumira chidakhalabe nkhalango. Komabe iyi si ntchito ya munthu mmodzi ndi machesi ake. Ichitike mlangizi wa zankhalango alipo, amfumu akudziwa, anthu ataima ndi nthambi zaziwisi, osati tsiku la mwera. Ndipo pamalo pomwe mphukira zikadali zazifupi, zaka zoyambirira moto wamtundu uliwonse usafikepo.

Tisaiwale komwe moto umachokera. Kawirikawiri ndi osaka mbewa ndi akalulu, otentha mapesi pososa, ofula uchi ndi muuni, kapena wosuta fodya wodutsa. Onsewa ndi anthu a m'mudzi momwemo, amadziwika. Anyamata osaka mbewa mukawaika m'gulu loyang'anira moto, n'kuwapatsa gawo pa uchi kapena pa ndalama za chindapusa, mudzaona kusintha kuposa kuwaopseza pa msonkhano.

Mbuzi ndi ng'ombe zizilowa?

Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, ayi. Mbuzi imadya nsonga yeniyeni ya mphukira, ndipo kuno chilimwe mbuzi zimangotayiriridwa. Mitengo ikatalika kopitirira pomwe mbuzi ingafike itaimirira, ng'ombe zitha kumadyamo mwa apo ndi apo, ndipo zimathandiza kuchepetsa udzu. Tsekani chigawo chimodzi, china chikhale chotsegula, kuti oweta asasowe kolowera.

Kodi nkhalango yosamalidwa ndiye kuti sitidzadulamonso mtengo?

Mudzi wa anthu ophika ndi nkhuni sungasunge nkhalango imene saloledwa kuigwira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo pafupifupi khomo lililonse limaphikira nkhuni kapena makala. Kuuza anthu amenewa kuti asayandikire mtengo ndi kuwauza kuti azikaba usiku.

Chofunika ndi kadulidwe. Gawani nkhalango m'zigawo, chaka chino mudule mwa apo ndi apo m'chigawo chimodzi, kenaka muchisiye chipume zaka zingapo. Dulani m'munsi, mopendeketsa, kuti madzi a mvula asaime pa chitsa n'kuchioletsa. Musatenthe chitsa, musachisende. Yambani ndi mitengo yopindika, yodwala, kapena yothinana. Mitengo ikuluikulu yowongoka isiyeni ibereke mbewu, makamaka mlombwa, mphingo, muwanga ndi mbawa, yomwe imakula pang'onopang'ono ndipo amatabwa ndi osema ziboliboli adaimaliza m'malo ambiri. Yazipatso monga msuku, bwemba, mpoza, nthudza, mateme ndi mlambe isagwe konse. Pamalo otsetsereka kwambiri, pa kasupe ndi m'mbali mwa mtsinje nkhwangwa isafikepo.

Asing'anga nawo ali ndi mbali yawo. Khungwa lisendedwe mbali imodzi yokha, osati kuzungulira thunthu, ndipo wokumba mizu atengeko pang'ono n'kukwirira dzenjelo.

Mitengo youma ndi ya mphako ili ndi ntchito yanji? Bwanji osangoitola yonse?

Nkhuni zouma ndi zomwe amayi ayenera kutola poyamba, zimenezo n'zoona. Koma siyaniko ina. Mu mphako ndi momwe mumagona changa, kadzidzi, mileme ndi njuchi. Gogomole amaboola mtengo wouma kufuna mphutsi, ndipo bowo lomwe wasiya limadzakhala chisa cha mbalame ina. Kadzidzi, amene ambiri timamuda, amadya mbewa ndi makoswe omwe akadathera m'nkhokwe zathu. Chipika choola pansi chimasunga chinyezi, chimadyetsa chiswe ndi tizilombo tina, tomwe timadyedwanso ndi nkhanga ndi ngaka.

Nkhalango yosesedwa mpaka kuyera, ya mitengo ya msinkhu umodzi ndi mtundu umodzi, imakhala chete. Zamoyo zimachuluka pomwe pali mitengo yakale ndi yaing'ono, ziyangoyango, malo owala dzuwa, chulu, ndi madzi pafupi. Mkuyu umodzi wobereka umasonkhanitsa mbalame, apusi ndi mileme, ndipo zimenezi ndi zomwe zimamwaza njere za mitengo ina phiri lonse popanda wozilipira.

N'chifukwa chiyani bowa adasowa m'phiri mwathu?

Bowa wambiri wa m'nkhalango, monga manyame ndi ndelema, amakhala molumikizana ndi mizu ya mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. Chimene timazula ndi chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi timaulusi toyera tomwe tili m'dothi, tokulunga mizu. Bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo n'kumamupatsa chakudya. Mitengo imeneyi ikatha, bowa amapita nayo, ndipo simungamubweze ndi keshya. Utale ndi wosiyana, iye amadalira chiswe cha m'chulu.

Chimodzimodzi mphalabungu ndi matondo: zimadya masamba a mitengo yake yodziwika. Wogwetsa mtengo kuti atole mphalabungu wadya za chaka chino ndi za zaka zonse zam'tsogolo. Mphukira zikatetezedwa, bowa ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimayamba kubwerera, chifukwa mizu ija idali yamoyo nthawi yonseyi. Amayi amene amagulitsa bowa ndi masuku m'mbali mwa msewu wa ku Namwera amadziwa bwino phiri lomwe likuchira kuposa wina aliyense, ndipo pokonza malamulo a nkhalango mawu awo amveke.

Nkhalango ikabwerera si ndiye kuti anyani, nguluwe ndi njovu zitimaliza?

Funso ili siloyenera kulipeputsa. Amene adagonapo m'munda kulondera chimanga amadziwa ululu wake. Anthu a ku Phirilongwe adavutika zaka zambiri ndi njovu, ena adataya miyoyo, mpaka mu 2009 njovu zopitirira 80 zidasamutsidwira ku Majete. Kumbali ya kum'mawa, nkhalango ya boma ya Mangochi idaperekedwa m'manja mwa bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks mu 2018 kuti iziyendetsedwa pamodzi ndi Liwonde National Park, yomwe bungweli lidayamba kuyang'anira mu 2015. Nyama zikuluzikulu malo ake ndi amenewo, ndipo ikatuluka njovu kapena nyama ina yoopsa, dziwitsani a zanyama zakutchire msanga m'malo molimbana nayo nokha.

Nkhalango ya mudzi ya mahekitala ochepa siitana njovu. Zomwe zimabwerera ndi nkhanga, nkhwali, akalulu, agwape, achanga, anungu ndi mbalame zamitundumitundu. Anyani ndi nguluwe ndi vuto lenileni, koma zimavuta kwambiri pomwe kutchire kulibe chakudya ndipo minda yalowa mpaka m'phiri. Kusiya mitengo ya zipatso m'nkhalango, kusalima chimanga mogundana ndi tchire, ndi kulondera mogwirizana kumachepetsa chiwonongeko, ngakhale sikuchithetseratu.

Za misampha ya waya, isapezeke. Siisankha, imagwira chilichonse, ngakhale mbuzi ya mnzanu. Dziwaninso kuti lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka ndi nyama yotetezedwa kwambiri monga ngaka kapena minyanga ya njovu atha kulamulidwa kukhala kundende mpaka zaka 30.

Ife ndife asodzi. Za m'phiri zikutikhudza bwanji?

Pitani pomwe mtsinje umathira m'nyanja mvula yamphamvu itagwa, muone mtundu wa madzi. Dothi lofiiralo ndi minda ndi mapiri a kumtunda. Likafika m'nyanja limakwirira mchenga pomwe chambo chimakumba zisa zake, ndi miyala yomwe mbuna zimadyapo ndere. Mbuna zimenezi ndi zomwe zidachititsa kuti Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear, ilowe m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nyanja ya Malombe, yomwe ndi yosaya kale, imalandiranso matope omwewo, ndipo otsala amatsika ndi Shire kukavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa zomwe madzi amachita akatsika phiri lopanda chowagwira.

Usodzi nawonso umadya mitengo. Kuwamba mlamba ndi kampango, kufwafwaza usipa, kusema bwato, kumanga thandala, zonsezi ndi mitengo. Ng'anjo zowambira zotsekeka bwino zimadya nkhuni zochepa kuposa kuwamba pa waya poyera, ndipo nsomba zing'onozing'ono zitha kuumitsidwa ndi dzuwa m'matenti apulasitiki. Komiti ya padoko, ya BVC, ili ndi chifukwa chokwanira chokhalira pansi ndi komiti ya nkhalango ya kumtunda. Mabango a m'mphepete mwa nyanja nawo asatenthedwe, ndi mobisalamo ana a chambo.

Nanga makala? Anthu akudalira omwewo kuti adye.

N'zoona, ndipo wootcha makala ndi amene amapeza zochepa pa onse ogwira thumba lija lisanafike m'tauni. Koma lamulo ndi lomveka. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, silimalola kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chiphaso, ndipo chiphasocho chimafuna kuti mitengo ichokere pamalo omwe ali ndi dongosolo lobwezeretsa. Zilango zidakwera, ndipo galimoto yonyamula makala itha kulandidwa.

Kuipa kwa makala a m'phiri ndi koti wootcha amasesa zonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, amasankha yolimba ngati tsanya ndi muwanga, ndipo pomwe padali uvuni dothi limapsa mpaka zitsa zoyandikana nazo kufa. Mudzi umene ukufuna kuthana nazo uyambe ndi kupeza chomwe anyamatawo angachite m'malo mwake, ndi kuchepetsa nkhuni zomwe khomo lililonse limatentha. Chitetezo mbaula imaumbidwa ndi dongo lathu lomweli ndipo imaphika ndi tinthambi ta nandolo kapena zosadza za mphukira zija. Mauvuni a njerwa nawo amameza mitengo ikuluikulu, ndipo mudzi uli ndi ufulu wonena kuti nkhuni zake zisachokere m'nkhalango yosungidwa.

Njuchi zimathandizadi?

Kwambiri, pa zifukwa ziwiri. Zimabweretsa ndalama mtengo uli chiimire, ndipo munthu amene wapachika ming'oma yake m'nkhalango amasanduka mlonda wa moto wosafuna malipiro. Mitengo ya mombo ndi mchenga imapatsa njuchi maluwa ambiri. Ming'oma ikhale ya matabwa, chifukwa ya makungwa imapha mtengo womwe wasendedwa. Pofula gwiritsani ntchito chofukizira utsi, osati muuni, ndipo siyani zisa za ana. Akuluakulu akukumbukira nsadzu, mbalame yotsogolera anthu ku njuchi. Tsidya la malire, ku Niassa m'dziko la Mozambique, Ayao ofula uchi mpaka lero amaitana mbalameyi ndi kulira kwawokwawo, iyo n'kuwatsogolera. Imakhala pomwe pali mitengo ya mphako.

Mwini nkhalango ndani, ndipo malamulo apange ndani?

Nkhalango monga Namizimu, Phirilongwe ndi Mangochi ndi za boma, ndipo kudula, kulima kapena kuyatsa moto mmenemo popanda chilolezo ndi mlandu. Pa malo a mudzi, lamulo la 1997 limalola nyakwawa, mogwirizana ndi a nthambi ya zankhalango, kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi, yoyang'aniridwa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu, ija timaitcha VNRMC. Pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma lino kuti akuthandizeni kulemba malire, dongosolo la kasamalidwe ndi malamulo anu.

Malire ayendedwe ndi miyendo, amfumu a midzi yoyandikana alipo, kuti mawa pasadzabuke mkangano. Malamulo akhale ochepa, omveka, ndipo awerengedwe pagulu m'Chichewa ndi m'Chiyao: masiku otola nkhuni, mitengo yosadulidwa, chindapusa cha moto, njira yopemphera milimo ya nyumba kapena mitengo ya pamaliro. Nkhani ya ndagala, msasa wa anyamata a ku chinamwali, ikambidwenso poyera ndi anakanga oyang'anira anamwaliwo, kuti malo a chinamwali ndi mitengo yomangira zithando zikhale m'dongosolo lomwelo.

Makomiti ambiri amagwa pa ndalama ndi pa tsankho. Mphwake wa amfumu akagwidwa ndi nkhwangwa n'kukhululukidwa, mawa lake phiri lonse lilowedwa. Ndalama za chindapusa ndi za uchi zilembedwe m'kaundula, ziwerengedwe pamsonkhano, ndipo anthu aone chomwe zagula, kaya ndi kukonza mjigo kapena makasu olambulira njira ya moto. M'komiti musasowe amayi, poti ndiwo amayenda mtunda wautali nkhuni zikasowa.

Tidikire zaka zingati kuti tione phindu?

Udzu wofolerera ndi nkhuni za zosadza mumazipeza chaka choyamba chomwe. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi moto ndi mbuzi zitaletsedwa, mphukira zambiri zimakhala zitapitirira munthu, ndipo ming'oma itha kupachikidwa. Mapaso ndi milimo yaing'ono zimatsatira. Matabwa a mlombwa ndi mbawa ndi a ana ndi adzukulu, amafuna zaka makumi angapo.

Pomwe mtundu wina wa mtengo udatheratu, mbewu yake mukaifune kumanda. M'midzi yambiri msitu wa kumanda ndi wokhawo umene udatsala ndi mitengo yakale ya m'deralo. Pemphani kwa amfumu ndi akuluakulu oyang'anira mandawo, mutole njere zakupsa zomwe zagwa zokha. Za mbawa ndi za msuku zifesedwe msanga, chifukwa sizichedwa kufa zikasungidwa.